Mwapeza gitala ya archtop? Musamate buliji yake, yambani mwawerenga izi

Mwezi watha kunabwera mnyamata atanyamula gitala yokulunga m'chitenje. Inali ya malemu amalume ake, Höfner yakale ya ku Germany, yamabowo awiri aatali ngati a vayolini, mtundu umene amati archtop. Iye anafuna kuipukuta fumbi, ndiye anamasula nsambo zonse nthawi imodzi. Kamtengo konyamula nsambo kaja, kamene timati buliji, kanangoti gobede pansi. Poganiza kuti wathyola chuma cha banja, anathamangira pa okala kukagula supa guluu n'kukamata. Anakamata chotembenuza, komanso pamalo posakhala pake. Ukangodutsa fureti yachisanu (mafureti ndi tizitsulo topingasa pakhosi pa gitala), gitala inkalira ngati mbuzi ya chimfine. Guluuyo anandidyera masiku awiri, ndipo chipsera chimene chatsala pa vanishi sichidzachokanso.

Ameneyu ndi munthu wachitatu kundibweretsera vuto lomweli, osawerengera amene amatumiza zithunzi pa WhatsApp usiku kufunsa ngati agule kapena asiye. Pakamwa patopa. Ndalemba kamodzi, wofunsa mawa ndizingomupatsa izi.

1. Dziwani kaye chimene mwagwira

Gitala ya bokosi imene tinazolowera kutchalitchi ndi pamaliro ili ndi thabwa lapamwamba lathyathyathya, bowo limodzi lozungulira, ndi buliji yomata. Archtop ndi ina. Thabwa lake lapamwamba ndi lotukuka ngati chigoba cha kamba, lakumsana chimodzimodzi. Nsambo zimakoledwa pa chitsulo cha kumatako kwa gitala chimene amati tailpiece, kenako zimadutsa pa buliji. Bulijiyo sinamatidwe, sinakhomedwe. Chimene chimaigwira ndi kukanikiza kwa nsambo zomangika basi. Ngati munapangako banjo ya chigubu muli mwana, mukukumbukira kamtengo kaja kamene munkalowetsa pansi pa mawaya, kamene kankagwa mukamasula. Nzeru yake ndi yomweyo.

Nzeruyi inachokera ku vayolini. Orville Gibson wa ku Kalamazoo, m'chigawo cha Michigan, anayamba kusema matabwa a mandolini ndi magitala motero m'zaka za m'ma 1890. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, Lloyd Loar, amene ankagwira ntchito ku kampani ya Gibson, anatulutsa L-5, ya mabowo ooneka ngati chilembo cha f komanso thupi la mainchesi 16 m'lifupi. Panthawiyo mabandi ovinitsa anthu ku America ankadalira banjo chifukwa gitala wamba inkamira pakati pa malipenga. Woimba gitala wa jazi Eddie Lang ndi anzake ataonetsa zimene L-5 ingachite, banjo inayamba kupachikidwa pakhoma. Zitatero panabuka mpikisano wa kukula: Gibson inatulutsa Super 400 ya mainchesi 18 mu 1934, pamtengo wa madola 400, Epiphone ya ku New York inayankha ndi Emperor, Stromberg wa ku Boston anafika mpaka mainchesi 19. John D'Angelico, amene anatsegula shopu yake ku New York mu 1932, ankazisema pamanja imodziimodzi mpaka anamwalira mu 1964.

Mbiriyi ndaikamba pa chifukwa chimodzi: gitala iyi anaipangira kubowola phokoso la bandi popanda magetsi. Mawu ake ndi afupi, ouma, othamangira kutsogolo. Mukaikhwatcha makodi otsegula ngati mmene timachitira potsogolera kwaya, mukhumudwa, mudzati ikulira ngati katoni. Siinaonongeke, ndi khalidwe lake. Ndipo ndikamati jazi pano ndikunena ya Count Basie, mtsogoleri wa bandi wa ku America, osati ya Alan Namoko ndi Chimvu Jazz Band, ngakhale kuti banjo ili m'nkhani zonse ziwiri.

2. Funsani mmene thabwa lapamwamba linapangidwira

Pali njira zitatu, ndipo mtengo umatsata zimenezi.

Yosema: mmisiri amatenga thabwa lochindikala la spruce n'kulisema mkati ndi kunja mpaka litatukuka, pakati pochindikala, m'mbali mopyapyala. Kumsana ndi m'mbali kawirikawiri amaika maple. Iyi ndiye imalira mokweza yokha, komanso ndiye imang'aluka msanga nyengo ikasintha. Yopinda: thabwa lenileni koma lopyapyala, lopindidwa ndi moto ndi makina. Ya pulayiwudi: timatabwa tingapo tomatikiza. Mawu ake pawokha ndi ochepa, koma imapirira, ndipo pa ampu (chokuzira mawu) siilira mluzu msanga.

Wogulitsa akamalumbira kuti ndi yosema, yang'anani m'mphepete mwa bowo la f. Mukaona mizere yosanjikizana ngati mapepala a buku, ndi pulayiwudi. Ngati m'mphepetemo anakutiramo pulasitiki, lowetsani kagalasi kakang'ono ndi tochi ya foni, muone ngati mizere ya mtengo mkati ikugwirizana ndi yakunja.

Musanyoze zotsika mtengo. Makampani a Harmony ndi Kay a ku Chicago anapanga zambirimbiri, zina zinkagulitsidwa kudzera m'sitolo za Sears pa dzina la Silvertone, ndipo oimba blues ambiri ankagula zimenezi chifukwa ndi zimene thumba linkalola. Mawu ake okalipa aja amakomera blues kuposa a gitala yodula. Pa zatsopano zopangidwa motengera zakale, Eastman ndi The Loar za ku China zili ndi zosema pamtengo umene munthu wamba angaulote, ndipo Godin 5th Avenue ya ku Canada ndi ya matabwa omatikiza. Kwa munthu wokhala ku Nsanje kapena ku Salima, woyenda ndi gitala m'minibasi, ine ndimati atenge yomatikizayo. Yosema imafuna nyumba yodekha.

3. Iyendereni musanatulutse ndalama

Yambani ndi khosi, chifukwa ndi pamene pamalira ndalama. Pansi pa mutu wa buliji pali timawilo tiwiri tokwezera ndi kutsitsira nsambo. Ngati timawiloto tatsitsidwa mpaka pansi koma nsambo zikadali kutali ndi mafureti, khosi lagwada. Kulikonza n'kulizula ndi nthunzi, kulisema, n'kulibwezera, ndipo amisiri odziwa ntchito imeneyo ndi osowa. Nthawi zina mudzapeza kuti wina anapala kale phazi la buliji mpaka lapyapyala kuti abise vutoli. Buliji yabwinobwino imakhala pafupifupi mamilimita 25 kuchokera pathabwa. Yafupi kwambiri ndi chenjezo.

Yang'anani pachidendene pa khosi, pamene lakumana ndi thupi. Pakalowa pepala, lasukusika. Kenako igonekeni, muiyang'ane chambali. Thabwa likhale lotukuka bwino. Ngati lafwafwanthika pansi pa buliji, ndiye kuti mitanda ya mkati yamatuka. Gogodani pang'onopang'ono ndi chala pamwamba ponse. Pamene mtanda wamatuka pamamveka kakunjenjemera, ngati denga la malata losakhomedwa bwino.

Kumutu, fufuzani kachivundikiro ka timasikuluu. Pansi pake pali truss rod, chitsulo cha mkati mwa khosi chimene chimaliwongola. Harmony ndi Kay zambiri zakale zili ndi chitsulo chosapotokola, choncho khosi likapindika mulibe pogwira.

Chomaliza, pulasitiki yakale yotchinga zikande ndi ya m'mphepete. Mtundu wakale wotchedwa celluloid ukakalamba umayamba kuphulikaphulika ngati shuga wouma, n'kumatulutsa mpweya wodya zitsulo. Mukaona mafureti akumapeto ndi timasikuluu tabiriwira pafupi ndi chotchingacho, chichotseni tsiku lomwelo, musachisunge m'kesi imodzi ndi gitala.

Ngati ikuchokera kunja kudzera kwa m'bale wa ku Johannesburg kapena ku Leeds, muuzeni amasule nsambo, achotse buliji aikulunge payokha, ndipo aike kansalu pansi pa tailpiece kuti isakande. Gitala yakale kwambiri ikhoza kukhala ndi rosewood ya ku Brazil pakhosi, mtengo umene uli pansi pa chitetezo chokhwima cha pangano la mayiko loteteza zomera ndi nyama la CITES kuyambira 1992, ndipo kuiwolotsa malire kumafuna mapepala. Funsani zimenezo ndalama zisanapite.

4. Nsambo

Zopepuka sizigwedeza thabwa lotukuka. Yambirani pa seti imene E yaing'ono, nsambo yowonda kuposa zonse, ndi nambala 12 (nambala ikakwera, nsambo imanenepa), ndipo zala zikalimba mupite pa 13. Ngati muziimba popanda ampu, tengani za bronze. Ngati muzidalira pickup, kachida ka maginito kotumiza mawu ku ampu, tengani za nickel, chifukwa maginito sagwira bwino bronze. Zosalala zija amati flatwound zimakoma pa ampu koma zimapha mawu a gitala payokha.

Onetsetsani kuti nsambo yachitatu, ya G, ndi yokulungidwa. Buliji yamtengo inasemedwa poyembekezera G yokulunga, ndipo mukaika yosakulunga imakwera mawu m'mafureti akumtunda, muchite chilichonse.

Posintha, chotsani imodzi, ikani yatsopano, tchunani, kenako ina. Mukatsata ichi chokha, gawo lachisanu ndi chimodzi simudzalifuna kawirikawiri.

5. Wongolani khosi musanakhudze buliji

Tchunani gitala. Dinani E yaikulu pa fureti yoyamba ndi pa fureti ya 14 nthawi imodzi, muyang'ane mpata wa pa fureti ya 7. Uzikhala wongolowa kapepala kolimba, mamilimita 0.2 kapena 0.3. Ukakula, mangani truss rod pang'ono. Nsambo ikagona pafureti, masulani. Musapitirire kota ya mzungulo pa tsiku. Ikakana kutembenuka, isiyeni. Ikathyokera mkati, nkhani yake ndi ina.

6. Kukhazika buliji

Apa ndi pamene ambiri amangoti "ikani buliji pamalo pake" n'kudumpha, ngati malowo analembedwa. Ntchitoyi ili panayi, ndipo dongosolo lake musalisinthe.

Poyamba, mbali yake. Yang'anani timipata todutsa nsambo pamutu pa buliji. Totakata ndi ta nsambo zonenepa. Mukaona kuti mutuwo unasemedwa mopendekera, mbali yobwerera kumbuyo, cha ku tailpiece, ndi ya nsambo zonenepa. Mukatsimikiza, jambulani kamuvi ndi pensulo pansi pa phazi, kolozera kukhosi. Mnyamata uja akanakhala ndi kamuvi kameneka, theka la mavuto ake likanachoka.

Chachiwiri, phazi. Mawu onse a gitala iyi amadutsa pamene phazi la buliji lakhudza thabwa. Ngati laponda ndi nsonga zokha, kapena pakati pokha, mawu amachepa, ndipo nsongazo zimaboola vanishi. Nsambo zili zomangika, yesani kulowetsa kapepala ka lisiti pansi pa phazi kuzungulira konse. Kakalowa penapake, phazi lifunika kupala. Buliji iliyonse yogula yatsopano imafuna ntchitoyi, chifukwa palibe magitala awiri otukuka mofanana.

Chitani chonchi. Chotsani nsambo. Dulani sandipepa ya nambala 150, yokulirapo kuposa phazi, muigoneke pamalo a buliji, kokhakhala kuyang'ana kumwamba. Pa gitala yatsopano mutha kuigwiritsa ndi tepi ya pepala. Pa yakale igwireni ndi dzanja, chifukwa tepi imanyamula vanishi yokalamba. Detsani pansi pa phazi ponse ndi pensulo. Tsopano likhuteni pa sandipepayo, kupita kukhosi ndi kubwerera, koma mtunda waufupi, wosapitirira chala chimodzi m'lifupi. Mukakoka mtunda wautali, phazi litenga maonekedwe a malo ena a thabwa, osati pamene lidzakhale. Ligwireni pansi penipeni, lisagwedezeke, apo ayi lidzatuluka lozungulira ngati pansi pa mtondo. Kanthawi kalikonse litembenuzeni muone. Poyera ndi pamene pakhudza, pakuda ndi pamene sipanafike. Pitirizani mpaka pensulo yonse yachoka, detsaninso, mumalize ndi nambala 220. Pa mtengo wolimba ngati ebony, ola lathunthu likhoza kutha. Pukutani fumbi ndi nsalu yofewa musanabwezeretse, chifukwa mchenga wa sandipepa umakanda.

Buliji ikasowa kapena ikang'aluka, kachidutswa kouma bwino ka phingo, kotsala kwa osema ziboliboli, kamagwira ntchitoyi bwino lomwe. Ndinasemetsapo imodzi, ndipo ikulirabe. Chovuta kupeza ndi timawilo tija, choncho takale musataye.

Chachitatu, malo. Mabowo a f ali ndi timano tating'ono pakati, ndipo buliji imakhala moyang'anizana ndi timano tamkati. Koma kumeneko ndi kongoyambira. Pa magitala otsika mtengo mabowo ena anadulidwa mosalabadira. Chodalirika ndi rula. Yezani kuchokera pa kafupa koyera ka kumutu, kamene amati nut, mpaka pamwamba pa fureti ya 12. Mukapeza mamilimita 314, ndiye kuti gitala yanu ndi ya mainchesi 24.75, ndipo kuwirikiza kawiri ndi 628. Mukapeza 324, ndi ya mainchesi 25.5, kuwirikiza kwake 648. Pa nambala imeneyo onjezani mamilimita awiri kumbali ya E yaing'ono, anayi kapena asanu kumbali ya E yaikulu. Choncho buliji imakhala yopendekeka pang'ono, ndipo ndi mmene iyenera kukhalira. Osaiwongola chifukwa choti maso akudandaula.

Ikani nsambo ziwiri zakumapeto zokha, muzimange pang'ono, muyang'ane kuchokera kumatako kwa gitala. Mpata wa pakati pa nsambo ndi m'mphepete mwa khosi ufanane mbali zonse. Ngati E yaing'ono ikufuna kugwera kunja, kankhirani buliji chambali. Zikakhala bwino, ikani zotsalazo.

Kenako kutalika. Yezani pa fureti ya 12, kuchokera pamwamba pa fureti mpaka pansi pa nsambo. Poyambira pabwino ndi mamilimita 2 ku E yaing'ono, 2.5 ku E yaikulu. Mukakweza buliji ndi milimita imodzi, pa fureti ya 12 pamakwera theka lake. Masulani nsambo musanapotokole timawilo. Ndaonapo timawilo totafunidwa ndi pulayala chifukwa munthu anachita ulesi kumasula.

Chachinayi, kulondola kwa mawu, ndipo apa pafunika tuner, kachida koyezera mawu a nsambo, ngakhale ya pafoni. Tchunani nsambo zonse bwinobwino, gitala ili pamwendo ngati mukuimba, osati itagona patebulo. Lizani E yaing'ono yosadina, kenako muidine pa fureti ya 12 ndi mphamvu imene mumadinira poimba. Singano iloze pamodzimodzi. Mawu odinawo akakwera, nsambo yafupika, ndiye kankhirani mbali imeneyo ya buliji kumbuyo, cha ku tailpiece. Akatsika, ikokereni kukhosi. Ambiri amasokoneza pamenepa, choncho lembani papepala: akakwera, kumbuyo.

Musanasunthe, masulani nsambo mpaka buliji itayamba kuyenda ndi zala ziwiri. Gwirani phazi, osati mutu. Sunthani milimita imodzi, osapitirira. Tchunaninso zonse, yesaninso. Mukamaliza E yaing'ono, pitani ku E yaikulu, koma dinani mbali yomalizidwayo ndi chala kuti isayende. Idzayendabe pang'ono, ndiye mubwerere. Kanayi kapena kasanu n'kwabwinobwino. Nthawi iliyonse mukatchuna, yang'anani chambali ngati mutu wa buliji sunaweramire kukhosi, chifukwa nsambo zimaukoka. Uwongoleni ndi zala zazikulu ziwiri.

Zapakati zinayi sizidzalondola ndendende. Buliji yamtengo ndi kamtengo kamodzi kotumikira nsambo zisanu ndi imodzi, ndipo amene anajambula nyimbo zonse zija m'zaka za m'ma 1930 analinso ndi kamtengo komweko. Mukafuna kugawa cholakwacho mofanana, yeserani pa B ndi A m'malo mwa ma E awiri. Ndipo musachite zonsezi ndi nsambo zakale zadzimbiri, zimanama.

Mukakhutira, jambulani chithunzi chapafupi rula ili pambali, mulembe miyezo yanu pakapepala, musunge m'kesi.

7. Muiimbe monga ikufunira

Gulani piki (kokhwatchira nsambo) yolimba, ya milimita 1.5 kapena kuposa. Yofewa imangopalasa pamwamba. Khwatchani cha kumapeto kwa khosi, ndipo msana wa gitala usagone pamimba panu, uzikhala patali pang'ono kuti unjenjemere.

Mverani woimba gitala Freddie Green. Analowa bandi ya Count Basie mu 1937 n'kukhalamo mpaka imfa yake mu 1987, akukhwatcha kanayi pa bala (kachigawo ka nyimbo) iliyonse, pafupifupi moyo wonse popanda ampu. Nsambo zake zinali zonenepa ndi zokwera modabwitsa, ndipo sankaliza zonse zisanu ndi imodzi. Yambani ndi makodi a nsambo zitatu: yachisanu ndi chimodzi, yachinayi ndi yachitatu, zina zonse mutazitsekereza ndi mnofu wa zala. Mukakhwatcha, pepuzani dzanja lamanzere msanga kuti mawu aduke. Pa blues, kutola ndi zala kapena kutsetsereka ndi khosi la botolo kumamveka bwino kwambiri pa Harmony yakale.

Woimba samva mawu enieni a gitala iyi, chifukwa amathawira kutsogolo. Mupatse mnzanu aimbe, inu mukaime kukhomo. Anthu ambiri amene ankafuna kugulitsa yawo anasintha maganizo ataima pakhomopo.

8. Mukafuna magetsi

Musabowole thabwa losema. Pali pickup yoyandama, imene imagwira kumapeto kwa khosi kapena pa chotchinga zikande, osakhudza thabwa. DeArmond ndi imene inatchuka kale, ndipo zotengera mtundu wake zikupangidwabe. Yezani kaye mpata wa pakati pa nsambo ndi thabwa kumapeto kwa khosi, chifukwa pa magitala ena sipakwana. Ampu muiike kumbali ya mutu wa gitala, osati kumbuyo kwa thupi lake, kuti isalire mluzu.

9. Nyengo yathu

Matabwa a gitala amafuna chinyezi cha pakati pa 45 ndi 55 peresenti. Kuno sitikhala pamenepo nthawi yaitali. Mu Seputembala ndi Okutobala mpweya umauma, thabwa limafota, kutukuka kuja kumatsika, nsambo zimayamba kukhudza mafureti, ndipo ming'alu imayambira kunsonga za mabowo a f. Mvula ikagwa mu Disembala thabwa limafufuma, nsambo zimakwera. Timawilo tija anatiikira zimenezi: kwezani pang'ono m'chilimwe, tsitsani m'dzinja, truss rod muisiye.

M'chilimwe ikani siponji yonyowa, yofinya bwino, m'kabokosi ka sopo kobowola, muike m'kesi cha kumutu, osakhudza thabwa. M'dzinja chotsani siponjiyo, muikemo timatumba ta silica tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo pukutani nsambo mukamaliza kuimba. Musaisiye m'galimoto yoimika padzuwa ngakhale kwa ola limodzi, chifukwa guluu akhoza kufewa ndi kutentha, khosi n'kuyamba kugwada. Musaitsamiritsenso kukhoma la njerwa lonyowa, kapena kuipachika pansi pa malata opanda siling'i.

Höfner ya mnyamata uja ikulira tsopano, pa nsambo za 12, buliji itakhala pa mamilimita awiri kumbuyo kwa chipsera cha guluu. Wabweranso sabata ino kudzafunsa chifukwa chake G ikukwera mawu pa fureti ya 9. Nditaiyang'ana, waika yosakulunga.